Loweruka, Lamulungu kapena tsiku lililonse: kodi tsiku lopembedza lidzawerengedwa pa chiweruzo?

Munthu akamva koyamba ulaliki wonena kuti kupembedza Lamulungu kudzasanduka chizindikiro cha chilombo cha m'buku la Chivumbulutso, usiku umenewo sagona tulo. Nayenso wosunga Loweruka akauzidwa kuti wabwerera m'goli la chilamulo ndipo wataya chisomo, mtima umamuwawa. Onse awiri anyamula Baibulo limodzi, onse amapemphera m'dzina la Yesu, koma aliyense akuopera mnzake moto.

Pa nkhani imeneyi pali mafunso awiri amene alaliki amakonda kuwaphatikiza. Loyamba ndi lakuti Mkhristu azipuma ndi kupembedza tsiku liti. Lachiwiri ndi lakuti kodi tsikulo ndilo lidzalekanitse opulumuka ndi otayika pa mapeto a dziko. Munthu atha kuyankha loyambalo kuti Loweruka, lachiwirilo n'kukana, ndipo alipo Akhristu amene akhala akutero kwa zaka zoposa 300. Ine ndimaona kuti pa funso loyamba osunga Loweruka ali ndi mfundo zolimba kuposa mmene anzawo amavomerera. Pa funso lachiwiri amalankhula motsimikiza kuposa mmene malemba alankhulira.

M'Chipangano Chakale palibe chokanganira: Sabata ndi chiweruzo zimayendera limodzi. Pa Numeri 15 munthu wotola nkhuni pa Sabata anaponyedwa miyala. Yeremiya 17:27 akuchenjeza kuti anthu akapitiriza kusenza akatundu pa tsikuli, moto udzayaka pa zipata za Yerusalemu ndipo sudzazima. Ayuda atabwerera kuchokera ku ukapolo, Nehemiya anapeza anthu akuponda mphesa pa Sabata, amalonda a ku Turo akugulitsa nsomba, ndipo anakumbutsa akuluakulu kuti zoterezi n'zimene zinagwetsa mzindawo nthawi ya makolo awo. Analamula kuti zipata zizitsekedwa kukamachita chisisira Sabata lisanayambe. Mkangano umayambira pa mtanda: kodi zonsezi zinawoloka nawo kulowa m'pangano latsopano monga zinalili, zinasamukira tsiku lina, kapena zinathera mwa Khristu?

Njira imene imamanga Sabata ndi chiweruzo pamodzi

Mpingo wa Seventh-day Adventist ndi umene unalumikiza zinthu ziwirizi mwamphamvu kuposa wina uliwonse, ndipo simungaumvetse musanadziwe za chaka cha 1844. William Miller, mlimi wa mpingo wa Baptist ku New York, anasinkhasinkha Danieli 8:14, pamene pakunena za madzulo ndi m'mawa 2,300 kenako malo opatulika adzayeretsedwa. Tsiku limodzi analiwerenga ngati chaka, potsamira Numeri 14:34 ndi Ezekieli 4:6. Poyambira pake anatenga chaka cha 457 Khristu asanabadwe, nthawi ya lamulo la mfumu Aritasasta lolembedwa pa Ezara 7. Mukawerenga zaka 2,300 kuchokera pamenepo, n'kukumbukira kuti palibe chaka cha 0, mufika 1844. Otsatira ake anakhazikika pa 22 Okutobala 1844 kuti ndilo tsiku lobwera Ambuye, moti ena anasiya mbewu m'minda osakolola. Dzuwa linalowa, usiku unadutsa, Yesu osabwera.

M'mawa mwake Hiram Edson, akudutsa m'munda, anafika poganiza kuti tsikulo sanaliphonye, chimene anaphonya ndi chochitikacho. Malo opatulikawo si dziko lapansi koma kachisi wa kumwamba, ndipo Yesu walowa m'malo opatulikitsa kukayamba gawo lomaliza la unsembe wake. M'zaka za m'ma 1850 chiphunzitsochi chinakhwima n'kutchedwa chiweruzo chofufuza: mabuku atsegulidwa kumwamba, mayina a onse amene anadzitcha a Mulungu akuunikidwa kuyambira akufa mpaka amoyo, ndipo ntchitoyo ikadzatha khomo la chisomo lidzatsekedwa.

Sabata linalowera khomo lina. Mayi wina wa mpingo wa Seventh Day Baptist, Rachel Oakes, ndiye anatsutsa okhulupirira a ku Washington m'dera la New Hampshire kuti akulalikira malamulo khumi koma akudumpha lachinayi. Joseph Bates, yemwe kale anali woyendetsa sitima zapanyanja, analemba kabuku ka Sabata m'chaka cha 1846, ndipo posakhalitsa analilumikiza ndi uthenga wa angelo atatu wa pa Chivumbulutso 14. Miller mwiniwake anamwalira mu 1849 asanalandire Sabata. Mpingowo unakhazikitsidwa mwadongosolo mu 1863, ndipo zolemba za Ellen G. White, mmodzi wa oyambitsa mpingowo, zinathandiza kwambiri kuti chiphunzitsochi chifalikire ndi kukhazikika.

Mfundo zawo si zachibwana, ndipo amene amangozinyoza sanazimvetsere. Mngelo woyamba pa Chivumbulutso 14:7 akulengeza kuti nthawi ya chiweruzo yafika, nalamula anthu kulambira iye amene analenga kumwamba, dziko ndi nyanja. Mawuwo akufanana kwambiri ndi a lamulo lachinayi pa Eksodo 20:11. Ndime 12 ikuti oyera mtima ndi amene asunga malamulo a Mulungu ndi chikhulupiriro cha Yesu. Onaninso zimene chilombo chikuchita pa mutu 13: chikufuna kulambiridwa, chikupangitsa fano, chikuchitira mwano dzina la Mulungu. Amenewo ndi malamulo atatu oyamba. Iwo amafunsa kuti nanga chizindikiro chake chingalephere bwanji kukhala chotsanzira lamulo lachinayi, limene Ezekieli 20:12 analitcha chizindikiro pakati pa Mulungu ndi anthu ake? Mphumi ndi dzanja, pamene chilombo chikuika chizindikiro chake, ndi malo omwewo amene Deuteronomo 6:8 anati mawu a Mulungu amangidwe. Pamwamba pa zonsezi pali chinthu chimene wotsutsa aliyense woona mtima ayenera kuvomereza: palibe ndime m'Chipangano Chatsopano imene imalamula kuti kupatulika kwa tsiku lachisanu ndi chiwiri kusamukire tsiku loyamba. Tsikulo linadalitsidwa pa Genesis 2, Myuda asanakhaleko, ndipo Luka 23:56 akuti amayi aja anapuma pa Sabata monga mwa lamulo, Yesu ali m'manda.

Tisawanamizirenso. Chiphunzitso cha mpingowu sichinena kuti wopembedza Lamulungu lero ali nacho kale chizindikiro cha chilombo. Chimati zimenezo zidzachitika boma likadzakakamiza anthu kusunga Lamulungu mwa lamulo, nkhani itamveka kwa aliyense, munthu n'kusankha dala kumvera anthu m'malo mwa Mulungu. Chimavomerezanso kuti Mulungu ali ndi ana ake m'mipingo yonse. Mlaliki wokuuzani kuti agogo anu amene anamwalira akupembedza Lamulungu anatayika, wapyola pa zimene mpingo wake womwe umaphunzitsa.

Kufooka kwake kuli pa kutalika kwa makwerero. Kuti mufike pamwamba muyenera kuponda sitepe iliyonse: kuti tsiku ndi chaka pa Danieli 8, kuti Danieli 9 ndiye akupereka poyambira pa Danieli 8, kuti nyanga yaing'ono ya m'masomphenya a pa Danieli 8 ndi Roma, kuti chilombo cha m'nyanja cha pa Chivumbulutso 13 ndi upapa, kuti cha pamtunda ndi dziko la America, kuti chizindikiro ndi tsiku. Sitepe iliyonse ili ndi oiteteza, koma palibe imodzi imene lemba linaitchula mwachindunji. M'buku lonse la Chivumbulutso Sabata silitchulidwa ngakhale kamodzi. Yohane akamalongosola lamulo la Mulungu pa 1 Yohane 3:23 akuti ndi kukhulupirira dzina la Mwana wake ndi kukondana. Paulo akamanena za kusindikizidwa chizindikiro pa Aefeso 1:13 ndi 4:30 akunena za Mzimu Woyera.

Danieli 8 nayenso amadzimasulira mbali yaikulu. Nkhosa yamphongo ndi Mediya ndi Perisiya, tonde ndi Girisi, nyanga zinayi ndi maufumu anayi otuluka mu ufumu wa Agiriki. N'chifukwa chake akatswiri ambiri a Baibulo amaona nyanga yaing'onoyo ngati Antiochus IV, mfumu ya umodzi wa maufumuwo, amene anadetsa kachisi wa ku Yerusalemu mu 167 Khristu asanabadwe n'kuletsa nsembe ya tsiku ndi tsiku, mpaka kachisiyo anayeretsedwanso mu 164. A Adventist amayankha kuti mfumu imeneyo inali yochepa mphamvu poyerekeza ndi nyanga imene inakula mpaka kufika kumwamba, komanso kuti mngelo anati masomphenyawo ndi a nthawi ya chimaliziro. Yankholo lili ndi nzeru, koma silichotsa vuto la Ahebri 6:19-20 ndi 9:12, pamene Yesu akuoneka kuti analowa kale mkati mwa chotchinga cha malo opatulikitsa, kamodzi kokha, atangokwera kumwamba. Nkhani imeneyi inavuta mkati mwa mpingo womwewo. Mu 1980 akuluakulu ndi aphunzitsi anakumana ku Glacier View, ku Colorado, kudzaunika zolemba za Desmond Ford wa ku Australia, amene ankati chiweruzo chofufuza sichingatsimikizidwe ndi Baibulo. Mpingo unasunga chiphunzitso chake, Ford anachotsedwa pa ubusa, ndipo abusa ena ambiri anachoka pambuyo pake.

Pali mfundo ziwiri zimene ndingakonde zitasiyidwa m'misonkhano yachitsitsimutso, chifukwa zimangofooketsa zolimba zija. Yoyamba ndi yakuti Constantine, mfumu ya Roma, ndiye anasintha Sabata. N'zoona kuti pa 7 Malichi 321 analamula kuti oweruza, anthu a m'mizinda ndi amisiri azipuma pa tsiku la dzuwa, alimi okha n'kuwalola kugwira ntchito. Koma Justin Martyr, mlembi wachikhristu, polemba ali ku Roma cha m'ma 150, analongosola kale Akhristu akusonkhana pa tsiku lomwelo kuwerenga malemba, kupemphera ndi kunyema mkate. Ngakhale Samuele Bacchiocchi, katswiri wa Adventist amene anaphunzira ku yunivesite ya Gregorian ku Roma, anaika kusinthako m'zaka za m'ma 100, osati nthawi ya Constantine. Yachiwiri ndi yowerengera 666, nambala ya chilombo, pa mawu achilatini akuti Vicarius Filii Dei, amene ena amati ndi dzina la udindo wa papa. Mawuwa amapezeka m'chikalata chonamizira Constantine chimene Lorenzo Valla anachiulula mu 1440 kuti n'chopeka, ndipo sali pa mndandanda wa maudindo ovomerezeka a papa.

Kusunga Loweruka popanda 1844

Anthu ambiri sadziwa kuti njira imeneyi ilipo. A Seventh Day Baptist anayamba ku England m'zaka za m'ma 1650, ndipo mpingo wawo woyamba ku America unakhazikitsidwa ku Newport, Rhode Island, mu 1671. Amasunga tsiku lachisanu ndi chiwiri chifukwa lili m'malamulo khumi ndipo Yesu analisunga, basi. Alibe chiweruzo chofufuza, ndipo salalikira kuti Lamulungu ndi chizindikiro cha chilombo. Amatenga mfundo zolimba zija n'kusiya makwerero. Kwa munthu amene chikumbumtima chake chagwidwa ndi Eksodo 20 koma sakukhutira ndi mawerengedwe a Danieli 8, apa ndiye poimapo. Vuto lawo ndi lomwe wosunga Loweruka aliyense ali nalo, la makalata a Paulo, limene tifikepo posachedwa.

Mpingo wa Orthodox wa ku Ethiopia unayenda njira yakeyake. Mkangano wa tsiku unaugawa kwa zaka pafupifupi 100, mpaka msonkhano wa ku Debre Mitmaq mu 1450, nthawi ya mfumu Zara Yaqob, unagamula kuti masiku onse awiri azilemekezedwa. Ndipo zimenezi si zachilendo kwenikweni. Msonkhano wa ku Laodikaya, m'zaka za m'ma 360, unaletsa Akhristu kupuma pa Sabata monga Ayuda, komabe unalamula kuti Uthenga Wabwino uziwerengedwa pa Sabata. Lamulo loletsa limasonyeza kuti analipo ochita chinthucho.

Lamulungu ngati Sabata la Akhristu

Mipingo ya Presbyterian ndi ina ya Reformed imagwirizana ndi a Adventist kuposa mmene mbali zonse ziwiri zimaganizira. Chivomerezo cha chikhulupiriro cha Westminster, cholembedwa mu 1646, pa mutu 21 chimati lamulo lachinayi limamanga anthu onse a mibadwo yonse, kuti kuyambira pa chilengedwe mpaka kuuka kwa Khristu linali tsiku lomaliza la mlungu, ndipo kuyambira pa kuukako linasinthidwa kukhala tsiku loyamba. Tsiku lonse liyenera kupatulidwa, kusiya ntchito ndi masewera, kupatula zofunikira ndi zachifundo. Eric Liddell wa ku Scotland anakana kuthamanga mpikisano wa mamita 100 pa masewera a Olympic ku Paris mu 1924 chifukwa mipikisano yoyambirira inagwa Lamulungu. Anathamanga wa mamita 400 n'kupambana.

Kudzipereka kotere n'koyenera ulemu, koma pa malemba njira iyi ndi imene ndimaiona yovuta kuiteteza. Ikamati lamulo silinasinthe, wosunga Loweruka amangofunsa kuti nanga mawu akuti tsiku lachisanu ndi chiwiri anapita kuti. Ndime zimene amatchula, Machitidwe 20:7, 1 Akorinto 16:2 ndi Chivumbulutso 1:10, zimasonyeza kuti tsiku loyamba linali ndi malo ake pakati pa okhulupirira, koma palibe imene ikulamula kupuma. Ndipo Akhristu oyambirira, ambiri mwa iwo akapolo ndi antchito, sakanatha kupuma Lamulungu boma lisanawalole. Pa nkhani ya chiweruzo, njira iyi imati kuswa Sabata ndi tchimo ngati kuswa lamulo lina lililonse, ndipo alaliki ake akale ankachenjeza kuti mtundu wonyoza tsiku la Ambuye umadziitanira mkwiyo wa Mulungu. Koma salipanga kukhala yeso lapadera la masiku otsiriza.

Tsiku la Ambuye, losiyana ndi Sabata

Akatolika sanena kuti Lamulungu ndi Sabata losunthidwa. Katekisimu wawo amasiyanitsa masiku awiriwa momveka, n'kunena kuti Lamulungu limakwaniritsa tanthauzo la Sabata mwa kuuka kwa Khristu ndipo limalowa m'malo mwa mwambo wake. Kupita ku Misa ndi udindo, ndipo kujomba dala popanda chifukwa chomveka ndi tchimo lalikulu. Iwo sadandaula akauzidwa kuti palibe ndime yosintha tsiku, chifukwa sanayambe anenapo kuti Baibulo lokha ndilo gwero la chiphunzitso. Amati mwambowu unachokera kwa atumwi ndipo mpingo unausunga. Ngati mumavomereza ulamuliro wa mpingo, njira iyi ndi yogwirizana yokha. Ngati simuuvomereza, mufunika maziko ena.

A Lutheran anapita patsogolo pang'ono. Chivomerezo cha Augsburg cha mu 1530 chimati akulakwa amene akuganiza kuti Lamulungu linaikidwa m'malo mwa Sabata ngati chinthu chokakamiza. Mpingo unangosankha tsiku kuti anthu adziwe nthawi yosonkhana.

Sabata linakwaniritsidwa mwa Khristu

Apa ndi pamene paima mipingo yambiri ya chipentekoste ndi ya evangeliko, ngakhale ambiri a m'menemo sanakhalepo pansi kuganizira. Mboni za Yehova nazonso zimati Akhristu sali pansi pa lamulo la Sabata la mlungu ndi mlungu. Mphamvu ya njira iyi ili m'makalata a Paulo. Akolose 2:16-17 akuti munthu asakuweruzeni pa nkhani ya chakudya, chikondwerero, kukhala kwa mwezi kapena Sabata, pakuti izi ndi mthunzi, thupi lake ndi Khristu. Aroma 14:5 akuti wina amalemekeza tsiku lina kuposa linzake, wina amayesa masiku onse ofanana, aliyense atsimikize mumtima mwake. Pa Machitidwe 15 atumwi atakhala pansi kukambirana zoti anthu a mitundu ina asunge, Sabata silinatchulidwe. Osunga Loweruka amayankha kuti masabata a pa Akolose ndi a zikondwerero za pachaka a pa Levitiko 23. Koma mndandanda wa chikondwerero, mwezi ndi Sabata umapezekanso pa 2 Mbiri 31:3 ndi Hoseya 2:11, ndipo umaoneka kuti ukunena za pachaka, pamwezi ndi pamlungu. Kwa ine ndime imeneyi ndi yolemera kwambiri pa mkangano wonse, ndipo sindinaone yankho loichotsa kotheratu.

Kuti kusintha maganizo pa nkhaniyi si masewera, onani zimene zinachitikira Worldwide Church of God, mpingo wa Herbert W. Armstrong, umene unkaphunzitsa kuti Sabata ndi chizindikiro cha anthu oona a Mulungu. Armstrong anamwalira mu 1986. Kumapeto kwa 1994 wolowa m'malo mwake, Joseph Tkach, analalikira kuti Akhristu ali m'pangano latsopano ndipo Sabata silikakamizidwa. Anthu masauzande ambiri anachoka, mabanja anagawikana, ndipo mu 1995 kunabadwa United Church of God ya amene anakana kusinthako. Otsalawo lero amatchedwa Grace Communion International.

Ngozi ya njira iyi si ya pa pepala koma ya m'moyo. Munthu akati masiku onse ndi a Ambuye, kawirikawiri zimathera poti palibe tsiku la Ambuye ngakhale limodzi. Amagwira ntchito osapuma, wantchito wake osapuma, ndipo mphatso imene Yesu anati inapangidwira munthu yatayika m'dzina la ufulu. Pitani m'nyumba ya osunga Sabata Lachisanu dzuwa likupendeka: zovala zasitidwa kale, chakudya cha mawa chaphikidwa, wailesi yazimitsidwa, ana asamba, banja lakhala pamodzi kuyimba nyimbo yotsegulira Sabata. Ngakhale mutatsutsana nawo pa Danieli 8, pali chinthu pamenepo chimene Akhristu ambiri anachitaya osadziwa.

Ndime imodzi, mawerengedwe atatu

Mateyu 24:20 ndi malo abwino oonera mmene njirazi zimagwirira ntchito. Yesu akuti pempherani kuti kuthawa kwanu kusachitike nyengo yozizira kapena pa Sabata. Wa Adventist amati apa Yesu akuyembekezera kuti ophunzira ake adzakhala akusungabe Sabata zaka 40 pambuyo pa mtanda, ndiponso pa chisautso chomaliza. Amene amakhulupirira mkwatulo, potsata chiphunzitso chimene John Nelson Darby anafalitsa m'zaka za m'ma 1800, amati mawuwa ndi a Ayuda amene adzakhale ku Yudeya pa chisautso cha zaka zisanu ndi ziwiri mpingo utatengedwa kale, ndipo chizindikiro cha chilombo amachiona ngati chinthu chenicheni cha pathupi chogulira ndi kugulitsira. Ena amati zonsezi zinachitika mu 70 pamene Aroma anawononga Yerusalemu. Kuthawa pa Sabata kukanavuta chifukwa zipata zikanakhala zotseka, pogula chakudya palibe, ndipo anansi akanakwiya poona munthu akuyenda kupyola mtunda wololedwa wa mikono 2,000. Amenewa amakumbutsanso kuti dzina la Nero Kaisara, mfumu ya Roma, likalembedwa m'zilembo za Chihebri limakwana 666, ndi kuti mu 250 mfumu Decius inalamula aliyense kupereka nsembe kwa milungu n'kulandira chikalata chotsimikizira. Kwa Mkhristu wa nthawi imeneyo, chizindikiro cha chilombo sichinali mwambi wovuta kumasulira.

Ndimeyi payokha singagamule. Ikutsimikiza kuti Sabata lidzakhalapobe ku Yudeya, koma sikunena kuti ndani ayenera kulisunga.

Pamene Baibulo likuonetsa chiweruzo poyera

Chimene chimandikhazika mtima pansi ndi kuwerenga malo amene chiweruzo chalongosoledwa popanda zilombo ndi nyanga. Pa Mateyu 25 nkhosa ndi mbuzi zikulekanitsidwa pa nkhani ya wanjala, waludzu, mlendo, wausiwa, wodwala ndi wam'ndende. Chivumbulutso 21:8 ndi 22:15 akutchula amene adzatsale kunja: amantha, osakhulupirira, akupha, achigololo, anyanga, opembedza mafano, abodza. Oswa Sabata mulibemo, ndipo mulibenso m'mindandanda ya Paulo ya pa 1 Akorinto 6 ndi Agalatiya 5. Zikanakhala kuti tsiku ndilo yeso lomaliza la anthu onse, kukhala chete kumeneku kukanakhala kodabwitsa kwambiri. Wosunga Loweruka adzatchula Yakobo 2:10-12, kuti wopunthwa pa lamulo limodzi wachimwira onse ndipo tidzaweruzidwa ndi lamulo la ufulu. Ali ndi mfundo, ngakhale tchimo limene Yakobo akudzudzula pamenepo ndi tsankho pakati pa wolemera ndi wosauka.

Aneneri nawonso akamalumikiza Sabata ndi mkwiyo wa Mulungu sasiya nkhani ya chilungamo kumbuyo. Amosi 8:5 akuonetsa amalonda amene atseka malonda pa tsiku loyenera ndithu, koma mumtima akufunsa kuti Sabata litha liti kuti akachepetse muyeso ndi kunyenga ndi masikelo. Yesaya 58, amene ndime zake zomaliza zimakondedwa ndi osunga Sabata, akuyamba ndi kumasula omangidwa ndi kugawana chakudya ndi anjala. Deuteronomo 5:14 akupereka cholinga cha lamuloli kuti wantchito wako apume monga iwe. Munthu amene amapita kutchalitchi pa tsiku lake losankhika, kunyumba atasiya wantchito akuchapa ndi kukolopa, waswa lamulo lachinayi, kaya ndi Loweruka kaya Lamulungu.

Nanga lamulo la Lamulungu?

Mantha amenewa sanangogwa kuchokera kumwamba. M'zaka za m'ma 1880 ndi 1890 a Adventist ena anamangidwa ku Arkansas ndi Tennessee chifukwa chogwira ntchito Lamulungu, ndipo mu 1888 Senator Henry Blair anabweretsa bilu yofuna lamulo la Lamulungu la dziko lonse la America, imene inalephera. Mu 1998 Papa John Paul II, m'kalata yake yotchedwa Dies Domini, analimbikitsa Akhristu kuyesetsa kuti malamulo a boma azilemekeza udindo wawo wopatula Lamulungu. Dziko la Poland linayamba kuchepetsa malonda a Lamulungu mu 2018, ndipo ku Germany tsikuli n'lotetezedwa m'malamulo aakulu a dziko. Koma malamulo oterewa amatseka masitolo. Sakakamiza munthu kulambira, ndipo saletsa kupembedza Loweruka. Pakati pa zimenezo ndi Chivumbulutso 13:15, pamene wokana kulambira akuphedwa, pali mtunda wautali. Wokutumizirani uthenga pa WhatsApp woti lamulolo lasainidwa kale, m'funseni dziko lake, tsiku lake ndi nambala ya lamulolo.

Pa chinthu chimodzi osunga Loweruka atithandiza tonse. Adell Sherbert, mayi wa Adventist wa ku South Carolina, anachotsedwa ntchito pa fakitale ya nsalu chifukwa chokana kugwira Loweruka, boma n'kumumana thandizo la anthu osowa ntchito. Mu 1963 khoti lalikulu la America linagamula mokomera iye, ndipo chigamulocho chinateteza anthu a zipembedzo zina zambiri. Mkhristu wa mbali iliyonse ayenera kukana boma likafuna kulowerera pa tsiku lopembedza, ngakhale tsikulo litakhala lake.

Posankha, werengerani mtengo wake moona mtima. Kusunga Loweruka kumadula: ntchito zina mudzazikana, mayeso ena adzagwa pa tsikulo, maukwati a abale mudzawaphonya, ndipo ngati mnzanu wa m'banja sali nanu maganizo amodzi, mlungu uliwonse udzakhala ndi masiku awiri okokana. Ngati mwawerenga ndipo mwatsimikiza kuti Mulungu akufuna zimenezo kwa inu, chitani, pakuti Aroma 14:23 akuti chosachokera m'chikhulupiriro ndi tchimo. Koma ngati chokukokani ndi mantha a chithunzi cha chilombo chimene munaona pa msonkhano, dekhani kaye. Chimodzimodzi amene mukukhala pa Lamulungu chifukwa choti n'kumene munabadwira: dziwani kuti mwaima pa njira iti mwa zitatu zija, chifukwa sizinena chinthu chimodzi, ndipo wosunga Loweruka akakufunsani ndime yosintha tsiku, ya Westminster yokha ndiyo iyenera kuipeza.

Musanapite kwa mbusa wa mbali iliyonse, werengani nokha Danieli 8 yense mpaka ndime 27, osati ndime 14 yokha, kenako Ahebri 3 mpaka 10 nthawi imodzi, ndi Akolose 2 kuyambira ndime 6. Mukakafika, wa Loweruka mukam'funse za Akolose 2:16 ndi Ahebri 9:12, wa Lamulungu mukam'funse za Genesis 2:3 ndi Chivumbulutso 14:7, ndipo aliyense akuwerengereni mutu wonse umene ndimeyo ili.